Wanena ndani? Mmene WhatsApp, Facebook ndi TikTok zimayendera pakati pathu

Amalume anga atamwalira ku Joni, uthenga unatipeza pa gulupu ya banja ya WhatsApp cha m'ma 4 koloko m'bandakucha. Pofika 7 koloko achimwene aakulu anali atatsegula kale gulupu ina ya maliro okhaokha, n'kuikamo aliyense amene anali ndi nambala yake: abale akumudzi, anzawo a malemu a ku Johannesburg, achemwali a ku Leeds, ngakhale apongozi ena amene tinali tisanayankhulane nawo zaka zisanu. Kunyamula thupi kuchokera ku South Africa mpaka kudzafika nalo pakhomo si ndalama yamasewera. Anaika nambala ziwiri, ya Airtel Money ndi ya Mpamba, ndipo madzulo aliwonse msungichuma ankaponya mndandanda woti wakuti wapereka zakuti. Amene dzina lake silinkaoneka, manyazi ankamugwira okha popanda womukumbutsa. Sabata isanathe galimoto inanyamuka.

Tsiku lachitatu azakhali akumudzi analandira uthenga pa foni yawo: "Ya maliro ija musatumize pa nambala yakale, yadzadza. Tumizani pa iyi." Dzina la malemu linalembedwa bwinobwino, ndi mfunda womwe. Azakhali anapita kwa ajenti n'kutumiza K20,000 ya mtedza umene anali atangogulitsa kumene. Mpaka lero sitikudziwa kuti analemba uthengawo ndani. Chimene tikudziwa n'chakuti pa gulupu ija panali anthu oposa 100, ndipo aliyense ankaona nambala ya mnzake.

Ndalama ya bokosi ndi ndalama ya azakhali zinadutsa msewu umodzi: uthenga wofika msanga, wochokera kwa munthu amene ukumuyesa wako. Ndiye anthu akamayala ubwino wa masamba a mchezo mulu uwu, kuipa kwake mulu uwo, ngati tomato pa benchi, ine ndimaona kuti akulekanitsa zinthu zomera pa tsinde limodzi. Kuti timvetse zimene zikutichitikira, tiyambe tadziwa kuti masambawa ndi a yani, amadya chiyani, ndipo n'chifukwa chiyani kuno kwathu amaluma mosiyana ndi kwina.

Facebook anaiyambitsa ndi Mark Zuckerberg ndi anzake mu 2004 ali pa yunivesite ya Harvard ku America. Mu 2012 kampaniyi inagula Instagram pa mtengo wa madola 1 biliyoni, ndipo mu 2014 inagulanso WhatsApp, imene Jan Koum ndi Brian Acton anayambitsa mu 2009, pa madola pafupifupi 19 biliyoni. Kuyambira mu 2021 kampani yonseyo imatchedwa Meta. Choncho mayi amene amagulitsa kaunjika pa sitetasi ya WhatsApp, n'kuponya zithunzi pa Facebook, n'kumayang'ana masitayilo a tsitsi pa Instagram, tsiku lonse wakhala m'nyumba zitatu za landilodi mmodzi. TikTok ndi ya kampani ya ku China yotchedwa ByteDance. Twitter anaigula Elon Musk mu 2022, chaka chotsatira n'kuisintha dzina kukhala X, koma imeneyo kuno ndi ya anthu ochepa a m'tauni, atolankhani ndi andale.

Palibe mwa makampani amenewa amene amakulipiritsa polowa. Pafupifupi ndalama zonse za Meta zimachokera kwa otsatsa malonda, ndipo wotsatsa malonda amalipira maso a anthu. Ukakhala pa tsamba mphindi khumi uona zotsatsa zochepa, ukakhala maola atatu uona zambiri. Ntchito yaikulu ya mainjiniya a kumeneko ndi yoti usachoke. Chida chawo ndi chimene amati algorithm, kutanthauza ndondomeko imene kompyuta imatsata posankha choti ikuonetse. Iwe sumaona zonse zimene anzako alemba, komanso sumaziona motsatana ndi nthawi imene alembera. Makina amawerenga chilichonse chimene wachita: vidiyo iyi waionera mpaka kumapeto, iyi waidumpha patangotha masekondi awiri, apa unaima kaye chala, apa unakwiya n'kulemba ndemanga. Mawa akupatsa zofanana ndi zimene zinakuimitsa. TikTok ndiye katswiri pa zimenezi, chifukwa siidikira n'komwe kuti usankhe anthu owatsatira. Imangokuyesa ndi timavidiyo tosiyanasiyana mpaka itapeza pamene pamakuyabwa.

Makinawo sadziwa choona ndi chabodza, sadziwanso chomanga ndi chopasula. Amangodziwa chimene chaimitsa anthu. Ndipo tonse tikudziwa chimene chimaimitsa anthu pamsika: ndewu, munthu wogwidwa ndi mkazi wa mwini, wakuba akumenyedwa. Mlangizi wa zaulimi akulongosola za mbozi za pa chimanga saunjikiridwa chomwecho. Si kuti wina ku California anakhala pansi n'kukonza zoti Amalawi azitukwanana pa nkhani za mitundu ndi zipani. Kutukwanana kumadzetsa ndemanga, ndemanga zimauza makina kuti apa pali anthu, makina n'kuitana ena.

Zoti masambawa ndi aulere n'zoona ku London. Kuno munthu amayamba wagula foni, kenako bandulo, ndipo ngati ali kumudzi amalipiranso potchajitsa pa sola ya pa golosale. Mu 2015 boma linaika msonkho wa 10 peresenti pa mauthenga a pa foni ndi pa data. Mu 2020 achinyamata anachita phokoso la Data Must Fall, mitengo ina n'kutsikako, komabe Amalawi ambiri sali pa intaneti mpaka pano. Ambiri mwa amene alipo amagula mabandulo otchipa a WhatsApp yokha kapena Facebook yokha, ndipo apa pali msampha umene sukambidwa kawirikawiri. Munthu wa bandulo yotereyi akalandira uthenga woti boma lalengeza zakutizakuti, sangatsegule tsamba la nyuzipepala kapena la unduna kuti aone ngati n'zoona. Linki ikakanikizidwa imangozungulira. Kwa iyeyo intaneti imayambira pa WhatsApp n'kuthera pomwepo, ndipo umboni wokhawo umene ali nawo ndi dzina la amene watumiza.

WhatsApp ndi yosiyana ndi anzake aja, ndipo ndi imene yalowerera kwambiri m'moyo wathu. M'magulupu mulibe makina okusankhira zoti uone. Osankha ndi anthu: abusa, achimwene, mnzako wa ku sekondale, tcheyamani wa komiti ya mjigo. Kuyambira mu 2016 mauthenga ake amatsekedwa mwa njira yoti amene angawerenge ndi wotumiza ndi wolandira basi, eni kampani ngakhale a netiweki sangaone. Zimenezi n'zabwino kwa mtolankhani amene akufufuza katangale, ndi kwa mayi amene akuuza mchemwali wake za matenda ake. Koma zikutanthauzanso kuti bodza likalowa m'gulupu palibe wakunja amene angalione n'kulitsutsa. Limayenda m'zipinda zotseka, gulupu imodzi n'kutenga anthu mpaka 1,024.

Ku India mu 2018 anthu angapo anaphedwa ndi magulu olusa chifukwa cha mauthenga a pa WhatsApp onena za akuba ana. Kampaniyo inayamba kulemba chizindikiro pa uthenga wongopatsirana, n'kuletsa kutumiza uthenga umodzi kumalo oposa asanu nthawi imodzi, ndipo mu Januwale 2019 lamuloli linafika padziko lonse. Mu Epulo 2020, Covid itavuta, anawonjezera kuti uthenga umene wayenda kale kwambiri uzitumizidwa kumalo amodzi okha. Timivi tiwiri timene mumationa pamwamba pa uthenga tija, tosonyeza kuti uthengawo wayenda kale kwambiri, tinachokera ku nkhani zomwezi. Ambiri sitidziwa n'komwe tanthauzo lake.

Ndiye pali voice note, imene ine ndimaiona ngati chinthu chachikulu kwambiri chimene foni yabweretsa kwa anthu athu. Agogo amene sanapite kusukulu lero amayankhula ndi mdzukulu wawo wa ku Cape Town popanda kupempha mwana wa neba kuti awalembere kalata ndi kuwawerengera yankho. Amene anakula nthawi ya Wenela ndi Teba akudziwa kuti mwamuna ankapita kumigodi n'kutha chaka banja lisanamve ngati ali moyo. Koma mawu a munthu amakhulupirika kuposa zolemba. Mayi wina wosatchula dzina akayamba ndi "abale anga, ine ndikuyankhula pano ndili ku chipatala, zimene ndaona ndi maso angawa," akupuma mwabefu, mtima umagwa usanafunse kuti chipatala chake chiti, ndipo mayiyo ndani.

Mphekesera sizinabwere ndi foni. Nkhani ya anamapopa inavuta kumapeto kwa 2002, nthawi ya a Bakili Muluzi, pamene anthu ankati boma likusinthanitsa magazi ndi chimanga cha thandizo, mpaka mkulu wina wa chipani cholamula anagendedwa ku Blantyre. Nthawi imeneyo kunalibe WhatsApp. Itabukanso mu Seputembala 2017 ku Mulanje, n'kufalikira ku Phalombe, Thyolo, Chiradzulu mpaka mu mzinda wa Blantyre, anthu osachepera 8 anaphedwa ndipo bungwe la United Nations linachotsa antchito ake m'maboma ena. Yambiri inayenda pakamwa ngati kale, koma tsopano inali ndi zithunzi ndi mavidiyo oiperekeza. Kale mphekesera inkayenda wapansi, ndipo panjira inkakumana ndi anyakwawa, aphunzitsi, kapena munthu wochokera komweko woti n'kunena kuti "ine ndadutsa kumeneko dzulo, kulibe zimenezo." Akuluakulu ankatha kuiphera pa bwalo ndi mwambi woti kandimverere anakanena za m'maluwa. Lero imanyamuka ku Muloza m'mawa, nkhomaliro ikudyera ku Chitipa.

Pa katemera wa Covid tinaziona tonse. Katemera wa AstraZeneca atafika mu Malichi 2021, magulupu anadzaza ndi za 666, za kutseka mimba, za kufa pakatha zaka ziwiri. Mu Meyi chaka chomwecho unduna wa zaumoyo unawotcha poyera katemera wokwana 19,610 amene anatha mphamvu asanabayidwe. Zifukwa zinalipo zingapo, china n'chakuti anafika atatsala ndi masabata ochepa, koma mantha a anthu anathandizira. Ndege imene inanyamula a Saulos Chilima ndi anthu ena 8 itasowa pa 10 Juni 2024, usiku wonse mafoni sanagone. Ena ankati yatera kwakuti, ena ankati onse ali moyo, ena ankatchula kale olakwa, mpaka mawa lake itapezeka m'nkhalango ya Chikangawa. Boma likachedwa kuyankhula, kapena likayankhula mosamveka, mpatawo sukhala wopanda kanthu. Amadzazamo ndi aliyense amene ali ndi bandulo.

Komatu msewu womwewu wanyamulapo zinthu zimene palibe wailesi kapena ofesi ikanazinyamula. Mu Januwale 2021, mwezi umene nduna ziwiri, a Sidik Mia ndi a Lingson Belekanyama, zinamwalira tsiku limodzi ndi Covid, zipatala zinkasowa zipangizo za mpweya. A Stanley Onjezani Kenani, ali kunja kwa dziko, analemba pa Facebook kupempha Amalawi kuti asonkhe. Anthu anasonkha, wa K1,000 ndi wa mamiliyoni, ndipo chimene chinawalimbitsa mtima n'chakuti zolowa ndi zogulidwa zinkalengezedwa poyera pa tsamba lomwelo. Namondwe wa Freddy atagumula phiri la Soche n'kukwirira nyumba ku Chilobwe mu Malichi 2023, n'kupha kapena kusowetsa anthu oposa 1,000 m'chigawo cha kummwera, zithunzi za ana osowa makolo, maina a misasa ndi nambala zotumizira thandizo zinayenda pa mafoni misewu idakali yoduka. Pa chisankho cha 2019, zithunzi za mapepala a zotsatira opakidwa Tippex zinazungulira dziko lonse khoti lisanakhale, moti pamene oweruza asanu ankagamula pa 3 Febuluwale 2020 kuti chisankho cha pulezidenti chichitikenso, ngakhale wa kabaza anali atadzionera yekha pepala lofufutidwa.

Nkhani ya ku Oman ndiye imaonetsa bwino nkhope ziwirizi. Amayi ambiri a kuno anakopedwa ndi maajenti kuti kuli ntchito zabwino, atafika n'kulandidwa mapasipoti, kugwiritsidwa ntchito ngati akapolo m'nyumba za anthu, ena kugwiriridwa. Ntchito zoterezi mpaka lero zimalengezedwa pa masamba omwewa, ndi zithunzi za nyumba zosanja ndi malipiro a madola. Koma mmodzi mwa amayiwo atalemba pa Facebook kupempha thandizo, mayi wina wa ku Malawi wokhala ku America anaona, n'kutsegula gulupu ya WhatsApp. Nambala inayenda mobisa kuchokera kwa wina kupita kwa wina, amayi n'kumatumiza mawu ndi mavidiyo. BBC inaulutsa nkhaniyi mu 2024, ndipo amayi oposa 50 anabwerera kwawo.

Za malonda sindichulutsa, aliyense akuziona. Mtsikana wa ku Area 25 amatsegula belo la kaunjika, kuchapa, kusita, kujambula, kuika pa sitetasi, ndipo pofika madzulo madiresi atatu akwera basi ya ku Mzuzu, iye osalipira lendi ya shopu. Wa nkhuku, wa makeke, telala, wowotcherera mageti, onse ali pomwepo. Mlimi wa soya amatha kufunsa mtengo wa ku Lilongwe vendala asanamuikire sikelo pakhomo. Chipereganyu ndi banki m'khonde zinasamukira m'magulupu. Vuto lake ndi lomwe lija la azakhali: wogula amatumiza ndalama kwa munthu amene sanamuonepo, ndipo nsapato ya pa chithunzi nthawi zina siifika, kapena imafika ina.

Akathyali anaphunzira msanga kuti Mmalawi sabedwa ndi luso la kompyuta, amabedwa ndi ubale ndi chiyembekezo. Mauthenga awo onse amavala nkhope ya munthu wodziwika. "Ndine dalaivala, katundu amene achimwene anu atumiza kuchokera ku Joni wagwidwa pa boda ya Mwanza, tumizani ya kasitomu." "Dzina lanu latuluka pa Mtukula Pakhomo." "Mwana wanu wakomoka kusukulu." Ena amaba akaunti ya WhatsApp yeniyeniyo: amakuimbira kuti akukuika pa msonkhano wa mpingo, uwawerengere manambala 6 amene angolowa pa foni yako. Ukawerenga, akaunti yapita, ndipo anzako onse ayamba kulandira uthenga wochokera kwa "iwe" wopempha ngongole ya mwadzidzidzi. Kuyambira mu 2018 bungwe la MACRA linalamula kuti nambala iliyonse ilembetsedwe ndi chiphaso, koma mbava zimalembetsa ndi ziphaso za eni ake osadziwa. Apolisi akhala akunena kuti ambiri mwa mauthenga otere amachokera kwa akaidi a ku ndende ya Zomba, anthu amene ali ndi nthawi yambiri ndi foni yolowa mozemba.

Funso lina ndi lakuti phindu la zonsezi limathera m'thumba la yani. A Giddes Chalamanda a ku Chiradzulu, obadwa mu 1930, anaimbanso nyimbo yawo ya Linny Hoo limodzi ndi Patience Namadingo mu 2020. Kumapeto kwa 2021 nyimboyi inagwira moto pa TikTok, anthu a ku Asia, ku Ulaya ndi kwina akuvina mawu amene sankawamva, ndipo pofika kumayambiriro kwa 2022 inali itaonedwa maulendo oposa 80 miliyoni. Atolankhani atapita kwawo anapeza kuti mwini nyimbo alibe n'komwe foni yoonera TikTok. Dzina lawo linafika kumene silikanafika, ndipo zimenezo zinawatsegulira makomo ena. Koma ndondomeko ya TikTok yolipira anthu malinga ndi kuchuluka kwa oonera imagwira m'maiko ochepa monga America, Britain, Germany, Japan ndi Brazil. Malawi mulibe. Achinyamata athu ochita nthabwala amene ali ndi owatsatira zikwi mazanamazana amadyera kutsatsa malonda a makampani a konkuno, kapena mphatso za oonera, pamene ndalama ya maso a anthu ikupita kwina.

Tibwere ku lamulo, chifukwa ambiri amaganiza kuti gulupu ndi kuchipinda. Mu 2016 Nyumba ya Malamulo inakhazikitsa lamulo la Electronic Transactions and Cyber Security Act, limene mwa zina limaletsa kuzunza, kuopseza ndi kunyoza munthu kudzera pa intaneti. Lamulo lotere likufunika. Funsani mtsikana amene chibwenzi chitatha mnyamata anamwaza zithunzi zake zamaliseche. Zimayenda magulupu onse tsiku limodzi, amuna akuluakulu a maudindo awo n'kumapemphana kuti "tatiponyereni ku inbox," mtsikanayo n'kusiya sukulu kapena ntchito, wojambula ndi womwaza osatchulidwa n'komwe. Koma mbiri ya lamuloli ikuonetsa kuti limathamanga kwambiri wonyozedwa akakhala wamkulu. Mu 2022 namwino wina wa ku Ntcheu anamangidwa chifukwa cha mawu amene analemba pa gulupu ya WhatsApp onyoza pulezidenti. Kutseka kwa mauthenga kuja sikunamuteteze, chifukwa sikirinishoti imajambulidwa ndi munthu amene muli naye m'gulupu momwemo. Chaka chomwecho a Martha Chizuma, amene anali mkulu wa bungwe lothana ndi katangale la ACB, anajambulidwa mobisa akuyankhula pa foni, mawuwo n'kumwazidwa dziko lonse mu Januwale, ndipo mu Disembala apolisi anakawatenga kunyumba m'bandakucha. Paja amati mlandu suola. Pa foni ngakhale nthabwala siiola.

Maboma nawo anaphunzira pamene pali switchi. Tsiku la chisankho ku Zambia, pa 12 Ogasiti 2021, WhatsApp ndi Facebook zinazima mpaka khoti linalowererapo. Ku Mozambique zinachitikanso pa zionetsero zotsatira chisankho cha Okutobala 2024. Tsiku limene zazima ndi pamene umazindikira kuti malonda ako, uthenga wa odwala ndi ndalama ya sukulu zonse unazipachika pa msomali umodzi.

Kuipa kumene kumandidetsa nkhawa kwambiri ndi kosachita phokoso. Lowani m'nyumba ya m'tauni 8 koloko madzulo. Bambo ali pa gulupu ya mpira kukangana za Bullets ndi Manoma, mayi ali pa TikTok, mwana walanda foni ya antchito, nsima ikuzizira pa tebulo. Palibe walakwira mnzake, koma palibenso amene wafunsa mnzake kuti waswera bwanji. M'mabanja ambiri mlandu wa masiku ano ndi pasiwedi, ndi funso loti "munali online 1 koloko ya usiku, mumayankhula ndi ndani?" Ankhoswe amene kale ankaweruza za ndiwo ndi za ndalama ya fodya lero amapatsidwa foni kuti awerenge okha. Ndiye pali kaduka kamene masambawa amafesa mwakachetechete. Palibe amene amajambula tsiku limene wagona ndi njala kapena kalata ya katapila. Timajambula tili ku nyanja, tili pa bwalo la ndege, tatsamira galimoto ya eni. Mnyamata amene anamaliza digiri zaka zinayi zapitazo ndipo akadali pakhomo pa makolo amaona zimenezi m'mawa uliwonse, n'kumadziona ngati wotsalira yekha. Pakati pa zithunzizo pamatulukira chotsatsa cha kandege, chomulonjeza kuti K500 ikhoza kusanduka K50,000 asanadzuke pa mphasa.

Eni masambawa akudziwa zimenezi. Mu 2021 mayi wina amene ankagwira ntchito ku Facebook, Frances Haugen, anatulutsa zikalata za m'kati zosonyeza kuti kafukufuku wa kampaniyo yomwe anapeza kuti Instagram imawonjezera nkhawa ya atsikana ena pa maonekedwe a matupi awo. Dziko la Australia linafika pokhazikitsa lamulo mu 2024 loletsa ana osakwana zaka 16 kukhala ndi akaunti pa masamba ngati TikTok, Instagram ndi Facebook. Kuno lamulo lotere lingavute kulitsata, chifukwa foni imodzi imagwiritsidwa ntchito ndi nyumba yonse, ndipo kawirikawiri mwana ndi amene amaphunzitsa kholo mmene imayendera. Makampaniwa amati ali ndi makina ndi anthu ochotsa zonyansa, koma makinawo amamva bwino Chingerezi. Chitukwano cha Chichewa, mwambi wobaya wa Chiyawo kapena chiopsezo cha Chitumbuka zimadutsa osaimitsidwa, ndipo ukadandaula yankho limabwera loti sanapezepo cholakwika.

Pali kanthu kena kamene ndimakondwera nako, ngakhale aphunzitsi a Chichewa angandikwiyire. Chiyambire, Amalawi sanalembepo chiyankhulo chawo mochuluka ngati mmene akulembera pano. Kalembedwe kake n'kosokonekera, "ndi" asanduka "nd", "bwanji" asanduka "bwnj", Chingerezi chalowerera paliponse. Koma nthabwala, maliro, mapemphero, chikondi ndi ndale zikulembedwa m'Chichewa tsiku lililonse ndi anthu amene atachoka pa sukulu sanagwirenso cholembera. Mwana wobadwira ku Bulawayo kapena ku Manchester, amene agogo ake anachokera ku Dedza, akuchimva chiyankhulochi pa foni kuposa mmene akanachimvera pakhomo.

Gulupu ya maliro ija sinatsekedwe. Anthu anakana, amati tapezana. Inasanduka ya chilichonse: mavesi a m'mawa, mankhwala a shuga a masamba a mango, ntchito za ku Canada zofuna K50,000 ya fomu, ndi mkangano wa ndale umene unatulutsa amalume awiri n'kubwezedwamo ndi azakhali a ku Zomba. Achimwene aakulu, atatopa, anaika malamulo atatu. Nambala ya ndalama imalengezedwa ndi msungichuma yekha, ndi mawu ake, osati zolemba. Aliyense asanatsindike PIN aziwerenga kaye dzina limene latuluka. Ndipo woponya uthenga wa timivi tiwiri aziyankha funso limodzi, loti wanena ndani, akalephera uthengawo ufufutidwe. Lachitatuli ndi limene linavuta, chifukwa kufunsa munthu wamkulu kuti wazimva kuti kumaoneka ngati mwano, ndipo amene amaponya kwambiri zoterezi ndi akuluakulu omwewo.

Mwezi watha achimwene anangotseka gulupu kuti azilemba ndi maadimini okha. Sipanathe ola, azakhali aja a K20,000 anaimba foni, mayunitsi awoawo.

"Achimwene, mwatitseka pakamwa bwanji? Abusa aponya pemphero, ine ndikufuna ndiyankhe Amen, malo olembapo palibe."

Anatsegulanso madzulo omwewo.